Mkazi Amene Amuna Anga Anasiya Kumupatsa Nsomba Yaiwisi

1

Ndikuuzeni kaye za ine, kuti mukamandiweruza muzidziwa amene mukumuweruza. Dzina langa ndine Norie, ndili ndi zaka 52, ndipo anthu a m'dera lathu kuno ku Kanazawa amati ndili ndi maso anayi. Sanama. Mwamuna akalowa m'lesitilanti mwathu, asanavule n'komwe jekete, ndimakhala nditadziwa kale ngati amene wabwera nayeyo ndi mkazi wake kapena wamwini.

Lesitilantiyo ndi kamalo kakang'ono, kauntala imodzi ya thabwa loyera ndi mipando isanu ndi itatu. Amuna anga, a Takehiko, amaima kuseri kwa kauntala n'kumaumba sushi, timibulu ta mpunga tosanjikidwa nsomba pamwamba. Ine ndimathira vinyo, kulandira alendo ndi kuyankha foni. Kwathu kulibe pepala losankhira zakudya. Mlendo amangoti "omakase", ndakusiyirani, kenako amadya chimene a Takehiko amuikira patsogolo, kamodzikamodzi. Takhala tikuchita zimenezi kwa zaka 27, kuyambira chaka chomwe tinakwatirana. Awirife mphatso ya mwana sitinapatsidwe. Pa dziko lino ndinalibe china choti n'kuloza koma bambo ameneyu ndi kauntala imeneyo.

Tsiku lina mu Sepitembala ndinatsegula buku limene ndimalembamo mayina a ofuna malo, n'kupezamo zilembo zopindikapindika za amuna anga. Hatanaka Kaho, munthu mmodzi, Lamlungu masana.

"Kodi mwayamba liti kugwira buku langa?" ndinawafunsa.

"Foni inalira iwe kulibe."

"Foni ikalira ine kulibe mumaisiya mpaka itatopa yokha. Hatanaka ndi ndani?"

"Mlendo."

"Wamulozera kuno ndani?"

"Norie, mpunga ukuzizira."

Mpungawo unali usanapse n'komwe. Ndinatseka buku, koma dzinalo ndinalisunga.

2

Anabwera nthawi yake yeniyeni. Anali mayi wa zaka za m'ma 30, wowonda, wovala zosaonetsa, tsitsi lomanga kumbuyo. Sindinganene kuti anali chiphadzuwa, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandiopsa kwambiri. A Takehiko sanatengekepo ndi akazi ophoda. Ndinamukhazika pa mpando wachitatu.

Amuna anga ali ndi kachitidwe kawo. Mlendo watsopano amamuikira kachidutswa koyamba mowongoka, n'kumayang'ana dzanja limene atolere. Akaona kuti ndi wamanzere, zotsatira zonse amazipendeketsera mbali yake kuti asavutike potola. Ndawaona akuchita zimenezi kosawerengeka. Koma tsikulo kachidutswa koyambirira kenikeni anakaika kopendekera kale kumanzere, mayiyo asanagwire chilichonse. Ndipo anatoladi ndi manzere.

Munthu sungadziwe dzanja la munthu amene wangomumva pa foni.

Ndinamuthirira vinyo woyera. Anathokoza motsitsa mawu, koma maso ake sanali pa galasi, sanalinso pa a Takehiko. Anali pa ine. Ndikatembenuka kukatenga botolo ndinkawamva kumsanaku.

"Okami-san," anandiitana monga alendo onse amandiitanira, "kwanu ndi konkuno?"

"Ayi, ku Noto. Inuyo?"

"Ku Nagoya."

"Ulendo wonsewo pa sitima kudzangodya mpunga wathu? Ku Nagoya nsomba zinatha?"

Anaseka pang'ono, mwamanyazi. "Ndinamva kuti kuno n'kwabwino. Mumaikonda ntchito yanuyi?"

"Ndi moyo wanga," ndinayankha, ndikumuyang'ana m'maso kuti amve bwinobwino.

Potuluka anawerama nthawi yaitali kuposa mmene mlendo amachitira. Ine ndinati mumtima, wabwera kudzayeza nyumba kuti aone pamene adzaike katundu wake.

3

Mu Okutobala anabweranso, Lamlungu loyamba la mwezi, mpando womwewo. Mu Novembala chimodzimodzi. Nthawi zonse dzina lake linkalowa m'buku ine nditapita kokatenga vinyo.

Ulendo wa Novembalawo ndi umene unandimaliza. Inali nyengo imene nsomba zimanona, ndipo alendo asanu ndi awiri ankalandira tuna wofiira ndi tina taiwisi tonyezimira, akuchita kutseka maso potafuna. Koma pa mpando wachitatu pankafika zina. Nsomba yowotcha. Mkunga wophika wofewa. Nkhanu yowiritsa. Dzira. Palibe chaiwisi chimene chinadutsa patsogolo pake, ndipo a Takehiko ankachita zimenezi mwakachetechete moti mlendo wamba sakanazindikira.

Nditanyamula botolo la vinyo woyera, anandinong'oneza osandiyang'ana. "Mpando wachitatu, tiyi wa balere."

"Sanaitanitse tiyi."

"Tiyi, Norie."

Mmawa mwake ndinapita kukameta kwa Yaeko, mwini saluni ya tsidya la msewu. Yaeko amadya kwathu Lamlungu lililonse, ndipo pakamwa pake sipatseka ngati chitseko cha saluni yakeyo.

"Norie-chan, usandiuze kuti sunaone," anatero ndisanakhazikike n'komwe.

"Kuona chiyani?"

"Aaa, iwe wa maso anayiwe? Mtsikana wa ku Nagoya uja ali ndi pakati. Ine ndabereka atatu, ndikudziwa chimene dokotala amaletsa. Zaiwisi ayi, mowa ayi."

"Mwina anawauza pa foni."

"Mwina," anatero akudula tsitsi langa ngati ali nalo chifukwa. "Koma mimba yosaoneka n'komwe, imene mwina ngakhale anzake kuntchito sakuidziwa, n'kuuza bambo woumba mpunga wa mzinda wina? Mwamuna akadziwa za mimba isanaoneke, ndiye kuti ndi dokotala kapena ndi mwini wake. A Taisho anaphunzira liti udokotala?"

Taisho ndi mmene alendo amawaitanira amuna anga. Ndinaseka kuti Yaeko asaone kuti wandilasa, koma m'kalilole nkhope yanga inali itagwa.

Apongozi anga anamwalira akudandaula kuti mpeni wa banja lawo udzasowa woulandira. A Takehiko sanandinenepo, ngakhale tsiku limodzi. Koma ndinkawaona mmene ankacheukira ana a sukulu akamadutsa pa windo, ndipo zinkandiwawa. Tsopano ndinati, basi, apeza womubereka mwanayo. Ine ndatsala wothira vinyo.

4

Kuyambira pamenepo ndinasanduka wapolisi m'nyumba mwanga momwe. Ndinkanunkhiza malaya awo, koma ankangonunkha nsomba ndi viniga. Ndinayesa kutsegula foni yawo, n'kupeza mauthenga a ogulitsa nsomba okhaokha. Kusapeza kanthuko sikunandikhazike mtima pansi. Ndinangoti bamboyu wachenjera.

Lolemba lina mu Januwale, tsiku limene sititsegula, anati akupita kukanoletsa mipeni. Anatuluka chipale chikugwa, atavala jekete la ku maukwati. Atangokhota, ndinatsikira kukhitchini. Mipeni yonse inali m'malo mwake.

Mawa lake iwo ali ku msika ndinasanthula kabati yawo. Pansi pa nsalu zokulungira mipeni panali kaphukusi ka pepala loyera. Munali nsalu yaitali yoyera, yodindidwa chidindo chofiira cha ku kachisi. Palibe mkazi kuno amene sadziwa nsalu imeneyi. Ndi ija mayi woyembekezera amamanga pamimba mwezi wachisanu, pa tsiku limene kalendala yathu imalitcha la galu, kuti adzachire bwino. Ndinayang'ana kalendala ya kukhitchini. Tsiku la galu linali Lamlungu likubwerali, ndipo linali lozunguliridwa ndi pensulo.

Ndinakhala pansi pomwepo. Bambo amene sanandigulirepo ngakhale mpango anakwera masitepe a kachisi m'chipale kukapempherera mimba ya mkazi wina.

Atabwera ndinawaikira tiyi ngati palibe kanthu. "Ngati muli ndi chondiuza, ndiuzeni panopa ndili chikhalire," ndinatero.

Anayang'ana m'kapu. "Dikira Lamlungu."

"Lamlungu kuli chiyani?"

"Si ine woyenera kukuuza."

"Ndiye andiuze ndani? Wa ku Nagoya?"

Anadzidzimuka, ndipo ndinaona. "Norie, ndakupempha chinthu chimodzi chokha. Dikira."

Ndinamva kuti zonse anakonza kale. Alendo akadzachoka, awiriwo adzandikhazika pansi n'kundiuza kuti ndilongedze. Ndinalumbira kuti sindidzatulutsidwa mwakachetechete ngati zinyalala zimene timatulutsa Lachiwiri. Nsalu ija ndinaibisa m'thumba la epuloni yanga.

5

Lamlungu mipando yonse inadzaza. Yaeko anali pa mpando wachisanu, maso ali tcheru. Kaho anabwera atavala diresi lomasuka, ndipo kamimba kanali katayamba kuoneka. Ankangopindapinda kansalu kopukutira m'manja. Ine ndinati ndi chikumbumtima.

Ndinadikira mpaka mkunga wophika utafika patsogolo pake. Kenako ndinatenga galasi lalikulu, n'kuliika pafupi ndi dzanja lake lamanzere, n'kuthira vinyo wofiira mpaka pakamwa.

"Imwani. Ndakupatsani ineyo."

"Pepani, Okami-san, masiku ano sindikumwa."

"Chifukwa?"

"Norie," anatero a Takehiko.

"Ayi, musiyeni ayankhe. Kwathu kuno mlendo amalandira chimene wapatsidwa. Kapena ndi amuna anga okha amene amaloledwa kukupatsani zinthu?"

Bambo wina anatsala atanyamula sushi m'mwamba. Ndinatulutsa nsalu ija n'kuiponya pa kauntala, ndipo inafunyululuka mpaka pansi.

"Nayi nsalu yanu. Akugulirani ndi a Taisho eni ake, inu mlendo wathu wokhulupirika. Anthuni, tiwombereni m'manja, kukhitchini kwathu kwapsa zambiri kuposa mpunga!"

"Norie, khala chete!" Zaka zonsezi anali asanandikalipirepo pamaso pa alendo. Koma ine ndinali nditatentha kale, ndipo lilime langa likayamba siliima.

"Miyezi isanu mukubwera kudzandiyang'ana m'nyumba mwanga, ine ndikukuweramirani. Mulibe manyazi? Munaleredwa ndi ndani? Mayi amene anakuberekani akanakuonani lero, akanalakalaka akanakutayani muli khanda."

Kaho anaimirira pang'onopang'ono, dzanja lili pamimba. Nkhope yake inali itayera, koma sanalire. Anandiyang'ana monga ankandiyang'anira masiku onsewo.

"Ananditayadi," anatero. "Ndili ndi masiku khumi."

Anawerama kwa a Takehiko, n'kutenga chikhoti chake, n'kutuluka. Botolo linandipulumuka m'manja.

6

Pano ndiyenera kukuuzani chimene ndakubisirani kuyambira poyamba, monga ndinabisira amuna anga kwa zaka 27. Ndinati awirife sitinapatsidwe mwana. Sindinati ine sindinabereke.

Ndili ndi zaka 19, kwathu ku Noto, ndinatenga mimba ya mnyamata wina amene anabwera kudzagwira ntchito pa doko kwa chilimwe chimodzi. Atamva, anakwera basi osatsanzika. Bambo anga ananditsekera kwa azakhali kutali ndi mudzi mpaka ndinachira. Anali mwana wamkazi. Ndinamuyamwitsa masiku khumi, ndipo pa tsiku lakhumi anabwera anthu awiri ovala bwino, osabereka, n'kumutenga. Bambo anati nkhani imeneyi yafera pompa. Ndinaikwirira moti ngakhale ndekha ndinasiya kuifukula. Apongozi akamanditcha wosabereka ndinkangowerama, chifukwa kunali kwapafupi kutukwanidwa bodza kusiyana ndi kunena zoona.

A Takehiko anaika mpeni pansi, n'kuwerama kwa alendo. "Pepani nonse. Lero tatsekera pomwepa." Anathamanga m'chipale ndi nsapato za kukhitchini kulowera ku siteshoni. Alendo anatuluka mmodzimmodzi osandiyang'ana.

Anabwerera patapita ola, ali okha. Anandipeza nditakhala pa mpando wachitatu.

"Wakwera sitima," anatero.

"Munadziwa liti?"

"Mu Ogasiti. Mayi amene anamulera anamwalira chaka chatha, ndiye Kaho posanthula mapepala anapeza dzina lako. Anaimba kuno iwe kulibe. Anangofunsa kuti Norie-san alipo, kenako n'kuyamba kulira."

"Ndiye munakumana naye."

"Kawiri, pa siteshoni. Ulendo wachiwiri ndi pamene anandiuza za mimba. Anandipempha kuti ndisakuuze. Anati akufuna ayambe wakuona kaye, aone mmene umayendera, mmene umalankhulira, ndipo akadzalimba mtima adzanena yekha. Ndinalonjeza. Lero ndiye linali tsiku lake. Mwamuna wake anamuperekeza, amamudikira ku siteshoni."

Anatola nsalu ija pansi. Inali itamwa vinyo. Anayamba kuipinda mofatsa monga amapindira chilichonse.

"Nsalu iyi amapereka ndi mayi wake wa mtsikana. Ukudziwa iwe. Yemwe anamulera kulibe. Ndinagulira iweyo, kuti akakuuza usakhale chimanjamanja."

Ndinkadziwadi. Mkazi aliyense amadziwa. Koma nsanje inali itanditseka m'maso, onse anayi.

"Bwanji simunandikwiyire?" ndinafunsa ndikulira. "Ndakunamizani moyo wonse."

"Ndinakwiya," anatero. "Mu Ogasiti monse ndinkaduladula nsomba ndikukuyang'ana, ndikufuna kukufunsa kuti unandiona ngati munthu wotani kuti usandiuze. Kenako ndinaganiza za mtsikana wa zaka 19 uja. Ndani anamufunsa chimene amafuna?" Anapumira m'mwamba. "Chimene chandiwawa ndi cha lero. Unakhulupirira kuti ine ndingakuchite zimenezo, pa kauntala pako pomwe."

7

Ndinalemba makalata anayi. Atatu oyamba sanayankhidwe. Yachinayi inayankhidwa ndi mwamuna wa Kaho, mizere iwiri yaulemu, yonena kuti dokotala wati mkazi wake asasokonezeke maganizo, choncho ndisiye kaye kulemba. Ndinasiya.

Mwana anabadwa mu Juni, wamkazi. Mu Julaye kunabwera kalata, ndipo pa envelopu panali dzina la a Takehiko okha. Kaho ankawaitana kuti akaone mwana.

"Sindipita popanda iwe," anatero.

"Mupita. Mukakana, atseka ndi chitseko chimenechi."

Tinakwera sitima limodzi Lolemba. Iwo anapita kunyumbako, ine ndinatsala pa benchi mu siteshoni ya Nagoya kwa maola atatu, ndikuyang'ana mayi aliyense wonyamula khanda. Atabwerera anakhala pambali panga. Kenako anandisendezera phewa. Panali kadontho koyera pamene mwanayo anabzikulira mkaka.

"Ndi wolemera," anatero. "Amalira mokweza ngati iwe."

"Za ine Kaho anafunsa?"

A Takehiko sadziwa kunama, n'chifukwa chake ankalephera ngakhale kubisa bwino. "Anafunsa ngati ukudya. Ndinamuuza kuti uli pa siteshoni. Anati sanakonzeke. Anati mawu aja amawamvabe akamayamwitsa."

Ndinagwira jeketelo n'kuika nkhope yanga pamenepo, pakati pa anthu onse odutsa. Ndi pafupi pamene ndafikapo ndi mdzukulu wanga mpaka lero.

Banja limene ndinkaopa kulandidwa ndikadali nalo. Timatsegula nthawi yake, iwo akuumba mpunga, ine ndikuthira vinyo, ngakhale alendo ena a tsiku lija sanabwererenso. Palibe amene ankafuna kundilanda kanthu. Anthu awiri ankakonza zondibwezera chimene ndinataya, ndipo ndinawathira vinyo kumaso.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina mukuti vuto langa linali nsanje. Ndaganizira kwambiri, ndipo ndikuona kuti linayambira patali. Munthu amene wabisa chinthu chachikulu amayesa kuti aliyense akubisanso choipa, chifukwa amayezera anzake pa mtima wake. Ine ndinkaona zonse m'lesitilanti muja, dzanja, mbale, kalendala, ndipo zonse ndinaziona molondola. Chimene sindinathe ndi kudikira masiku asanu pamene munthu amene sanandilakwirepo anandipempha kuti ndidikire. Ngati muli ndi chinsinsi chimene mwakwirira mnzanu, chifukuleni nokha mudakali ndi mpata, chisanadzakhale patsogolo panu inu n'kulephera kuchizindikira. Mwana wanga anandikhululukira kumutaya koyamba, mpaka anakwera sitima kasanu kudzandifuna. Kachiwirika ndinamutaya ndine wamkulu, ndi pakamwa panga, popanda bambo wondikakamiza.